Chifukwa chiyani imabwereranso? Mbiri ya kusaka maselo odzutsa khansa ya khomo la chiberekero

Amayi awiri amsinkhu umodzi atha kufika kuchipatala sabata imodzi, chotupa cha pakhomo la chiberekero chofanana kukula kwake, n'kulandira mankhwala amodzimodzi. Pakatha zaka 5, wina ali kumunda akupalira, mnzake anaikidwa kale m'manda chifukwa nthenda inabwereranso. Funso loti izi zimatheka bwanji lazunguza madokotala kwa zaka zoposa 100, ndipo yankho lake lasintha kangapo.

Poyamba madokotala ankadalira maso ndi zala. Mu 1898 Ernst Wertheim wa ku Vienna anayamba opaleshoni yochotsa chiberekero pamodzi ndi minofu yozungulira, ndipo chaka chomwecho Marie ndi Pierre Curie anatulukira radium, yomwe posakhalitsa anthu anayamba kuwotchera zotupa. Chipatala chilichonse chinkadzitama kuti njira yake ndiyo ikuchiza ambiri, koma panalibe poyerekezera, pakuti ena ankalandira odwala ongoyamba kumene pamene ena ankalandira otheratu. Mu 1929 akatswiri a pansi pa League of Nations anagwirizana zogawa nthendayi m'masiteji anayi potengera pomwe yafika. Bungwe la madokotala a amayi la FIGO linatenga ntchitoyi mu 1958, ndipo mu 2018 linaikonzanso kuti iziwerengera ngati khansa yalowa m'malo a mwanabere a m'chiuno.

Siteji imanena zoona zambiri. Ku America, mwa amayi 100 omwe khansa yawo yapezeka isanachoke pakhomo la chiberekero, oposa 90 amakhala ali moyo pakatha zaka 5. Ikafalikira kutali, opulumuka amangokhala pafupifupi 20. Koma siteji imangouza dokotala pomwe chotupa chafika, osati khalidwe lake.

Nkhani ya Henrietta Lacks imaonetsa poyera kupereweraku. Mayi wachikuda ameneyu, wa ana asanu, anapita kuchipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore mu Januwale 1951. Madokotala analemba kuti khansa yake ili pa siteji 1 ndipo anamuika radium. Pa 4 Okutobala chaka chomwecho anamwalira ali ndi zaka 31, zotupa zili mbwee m'thupi monse. Kachidutswa ka chotupa chake anakadula osamupempha n'kukapereka ku labotale ya George Gey, ndipo banja lake linadzamva za izi patapita zaka zoposa 20, chinthu chomwe sichingakometsedwe ndi phindu lililonse lomwe linatsatirapo. Maselo a anthu ena ankafa pakatha masiku ochepa m'mbale za Gey, koma a mayiyu ankangoswana, ndipo akuswanabe mpaka lero m'malabotale a dziko lonse pansi pa dzina loti HeLa. Panali china chake m'maselowo chomwe zala za dokotala sizikanatha kuchimva.

Mbali ina ya chinsinsicho inaululika ku Germany. Harald zur Hausen ndi anzake anapeza kachilombo ka HPV 16 m'zotupa mu 1983, ndi HPV 18 chaka chotsatira, ndipo mitundu iwiriyi ndiyo imayambitsa pafupifupi 70 peresenti ya khansa imeneyi. Maselo a HeLa nawo anapezeka ndi HPV 18. Kachilomboka kamapanga mapuloteni awiri, E6 ndi E7, omwe amafoola p53 ndi pRb, alonda omwe amaletsa selo lowonongeka kuswana. Zur Hausen analandira mphoto ya Nobel mu 2008. Komabe anthu ambiri otenga HPV thupi lawo limakachotsa lokha pasanathe zaka ziwiri, ndipo pafupifupi zotupa zonse za pakhomo la chiberekero zili ndi kachilomboka, zochizika ndi zokanika zomwe. Kachilomboka pakokha sikakanafotokoza chomwe chimasiyanitsa amayi awiri aja.

Apa m'pomwe ganizo lakalekale linadzuka. M'zaka za m'ma 1870 Julius Cohnheim ankaphunzitsa kuti khansa imachokera ku maselo otsalira a nthawi yomwe munthu anali mluza. Analibe umboni, ndipo ganizolo linagona. Kuyambira mu 1961 James Till ndi Ernest McCulloch a ku Toronto anasonyeza kuti m'kati mwa mafupa muli maselo ochepa, ma stem cell, omwe amadzibereka okha kwinaku akubala mitundu yonse ya maselo a magazi. Mumzinda womwewo, mu 1994 ndi 1997, gulu la John Dick linatenga maselo a odwala khansa ya m'magazi n'kuwabaya m'mbewa zopanda chitetezo cha m'thupi. Ambiri mwa maselowo sanadwalitse mbewa. Omwe anayambitsa nthenda anali kagulu kochepa zedi, kodziwika ndi puloteni ya CD34 pakhungu lake popanda CD38. Mu 2003 Muhammad Al-Hajj, Michael Clarke ndi anzawo a ku yunivesite ya Michigan anapeza zofananazo pa khansa ya m'mawere: maselo mazana ochepa okhala ndi CD44 yambiri ndi CD24 yochepa ankamera chotupa, pamene zikwizikwi za maselo ena a chotupa chomwecho ankalephera.

Aliyense amene anakumbapo chulu akudziwa kuti ungaphe chiswe chochuluka bwanji, ukasiya manthu wake pansi chulu chimamangidwanso. Mankhwala ambiri a khansa ndi radiyeshoni zimakantha kwambiri maselo omwe akuswana mothamanga, ndipo chotupa chimafwapa mpaka kusaoneka. Koma maselo ochepa aja, ma stem cell a khansa, amatha kukhala phee osaswana. Ena ali ndi timapampu monga ABCG2 tomwe timalavula mankhwala kunja kwa selo, ena amakonza DNA yawo msanga ikawonongeka, ena amabisala m'mbali za chotupa zomwe sizifikidwa bwino ndi okosijeni, komwe radiyeshoni imachepa mphamvu. Akatsala ochepa okha, pakapita miyezi kapena zaka amayambiranso ntchito.

Ofufuza khansa ya khomo la chiberekero anayamba kusaka maselowa m'zidutswa zakale zosungidwa m'zipatala. Ntchitoyo ndi ya manja odekha. Kachidutswa kochepa ngati njere ya mpunga amakaumitsa m'phula, n'kukasenga mopyapyala kuposa tsitsi, kukayala pagalasi, kenako kudonthezera mankhwala omwe amamatirira puloteni imodzi yokha. Pa maikulosikopu, maselo okhala ndi puloteniyo amaoneka abulawuni pakati pa anzawo abuluu. Katswiri amawerenga, kenako amatsegula mafailo kuti aone mayi uti anakhala zaka zingati. Mayina omwe amabwerezedwa m'kafukufukuyu ndi ALDH1, CD44, CD133, SOX2 ndi OCT4. Awiri omalizawo ali m'gulu la majini anayi omwe Shinya Yamanaka wa ku Kyoto anagwiritsa ntchito mu 2006 pobwezeretsa selo lokhwima kuubwana.

Magulu angapo anapeza kuti chotupa chokhala ndi ALDH1 yambiri chimavuta kumva radiyeshoni ndipo chimakonda kubwereranso. Pa SOX2 zotsatira zinatsutsana: ena anati ikachuluka ndi tsoka, ena anapeza kuti odwala otero ndiwo ankakhalitsa. Kafukufuku wambiri anali wa odwala ochepa a chipatala chimodzi, ndipo aliyense ankadziikira malire ake a pomwe anene kuti bulawuni wachuluka. Mu 2008 gulu la Sean Morrison linagwedezanso maziko posonyeza kuti pa khansa ya pakhungu ya melanoma, selo limodzi mwa anayi alionse limatha kumera chotupa ngati mbewa zafooketsedwa mokwanira. Zinaonekanso kuti selo wamba la khansa limatha kusanduka stem cell zinthu zikasintha. N'chifukwa chake mpaka lero palibe chizindikiro n'chimodzi chomwe mwa izi chimene chalowa m'masiteji a FIGO. Ine ndimaona kuti kudikiraku n'koyenera, chifukwa kuuza mayi kuti tsogolo lake ndi loipa potengera mayeso omwe zipatala ziwiri sizingagwirizane n'kumulakwira kwambiri.

Chomwe ndimachiwerengera kwambiri m'mbiri yonseyi chinatuluka ku Boston mu 2012. Michael Herfs, Christopher Crum ndi anzawo anapeza kagulu kapadera ka maselo, kodziwika ndi keratin 7, pamalire pomwe khungu la kunja kwa khomo la chiberekero limakumana ndi la m'kati. Zizindikiro za maselowa anazipezanso m'zotupa zambiri zoyambitsidwa ndi HPV, ndipo anaona kuti malowo akadulidwa maselo amenewa sameranso. Cohnheim akanakondwa, pakuti maselowa akuganiziridwa kuti ndi otsalira a nthawi ya mluza.

Malire omwewo ndi amene namwino wa kuchipatala chaching'ono kwathu kuno amayang'ana akapaka viniga ndi thonje, kudikira mphindi imodzi, n'kuunika ndi tochi ngati patuluka chigamba choyera choti awotche tsiku lomwelo. Ku Malawi amayi oposa 4,000 amapezeka ndi khansayi chaka chilichonse ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira, ambiri chifukwa amafika nthenda itapita kale patali. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019. Kwa ife, kuyezetsa msanga ndi katemerayu zipulumutsa amayi ochuluka kuposa puloteni iliyonse ya pagalasi.

Izi sizikutanthauza kuti kafukufukuyu satikhudza. Mayi yemwe ali ndi HIV amakhala pachiopsezo chodwala khansayi kasanu ndi kamodzi kuposa yemwe alibe, koma zidutswa zambiri zomwe zawerengedwa pofufuza ALDH1 ndi SOX2 n'zochokera ku Asia, Ulaya ndi America, komwe HIV si yofala ngati kuno. Zidutswa za amayi a ku Blantyre, Lilongwe ndi Lusaka, ambiri mwa iwo akumwa ma ARV, zikuyenera kuunikidwa ndi akatswiri athu, eni ake atavomera, ndipo mafailo awo azisungidwa bwino kuti pakatha zaka 5 tidziwe amene ali moyo.