Maputo: Mzinda Wotchedwa ndi Dzina la Mtsinje Umene Sudutsamo

Mtsinje wa Maputo sudutsa mumzinda wa Maputo. Ambiri akamva zimenezi amadabwa, chifukwa tinazolowera kuti mzinda ukatenga dzina la mtsinje, mtsinjewo umakhala pakhomo pomwepo, monga zilili ku Lilongwe. Koma uwu umathira m'nyanja kutali ndithu chakummwera, kutsidya kwa madzi, ndipo munthu amene waima pasiteshoni ya sitima pakati pa mzindawo sangauone. Madzi amene ali patsogolo pake ndi a mitsinje ina, Tembe, Umbeluzi ndi Matola, imene imakumana n'kulowera pamodzi m'nyanja. Kuti timvetse mmene dzinali linawolokera madzi onsewo, tiyenera kufunyulula mapu akale, pakuti malo amenewa asinthidwa maina kangapo, ndipo aliyense amene ankabwera ndi dzina lake anali ndi chimene ankafuna.

Pamalopa nyanja yamchere inalowa kwambiri kumtunda n'kupanga doko lalikulu lachilengedwe. Chilumba cha Inhaca chinakhala kukhomo kwake ngati chotchinga mafunde, mtsinje wa Incomati umathiramo kuchokera kumpoto, wa Maputo kuchokera kummwera. Eni dziko, Aronga, sankafuna dzina limodzi la madzi onsewo. Iwo ankatchula dziko ndi dzina la mfumu yake: KaTembe, KaNyaka, KaMpfumo. Kachidutswa ka "ka" kameneka kamagwira ntchito imene "kwa" amagwira m'Chichewa tikamati kwa Kachindamoto kapena kwa Gomani. Tsono pamene pali mzinda lero panali kwa Mpfumo, ndipo limeneli ndilo dzina lakale la pamalopo.

Apwitikizi atayamba kudutsa m'mbali mwa gombeli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, analemba pa mapu awo mawu akuti "da Lagoa", kutanthauza kuti "wa kunyanja ya kumtunda". Ankakhulupirira kuti madzi amene ankawaona akuthira pamenepa akuchokera kunyanja ina yaikulu ya pakati pa Africa. Wolemba mbiri wawo João de Barros, m'buku lake limene linatuluka mu 1552, anafotokoza za nyanja imodzi imene inkabala Nile, Zaire, Zambezi pamodzi ndi mtsinje wa kuno, kotero kuti ufumu wa Monomotapa unkaoneka ngati chilumba chozunguliridwa ndi madzi. Ojambula mapu ku Ulaya anangotengera zomwezo kwa zaka zoposa zana. Ukayang'ana mapu a nthawi imeneyo uona gombe lojambulidwa mosamala, maina atandandalikidwa mothithikana m'mbali mwa nyanja, koma kumtunda kuli mitsinje yokhotakhota mwa kufuna kwa wojambula, mapiri oikidwa poti padzaze, ndi njovu apa ndi apo. Amalinyero ankadziwa zimene anaona ali m'chombo, za kumtunda ankangomva za m'maluwa. M'zaka za m'ma 1700 wojambula wa ku France, d'Anville, anayamba kufufuta zopekazo n'kusiya mapepala oyera pamene panalibe umboni, ndipo pa mapu ake a Africa panaoneka nyanja yaitali yotchedwa Maravi, kutali kumpoto, yosakhudzana n'komwe ndi doko lino.

Nyanja yopekayo inachoka pa mapu, koma dzina linatsala. Angerezi analitafuna n'kukhala Delagoa Bay, ndipo ndi mmene dokoli linadziwikira m'mabuku awo mpaka m'zaka za m'ma 1900. Pali nkhani ina imene anthu amakonda kufotokoza, yakuti Delagoa ndi pamene zombo zochokera ku Goa ku India zinkaima, pomwe Algoa Bay ya ku South Africa ndi pamene zinkaima zopita ku Goa. Imakoma m'khutu, koma maina onse awiriwa gwero lake ndi liwu lomwe lija lakuti "lagoa".

Nanga Lourenço Marques, amene mzindawu unkatchedwa ndi dzina lake kale, anali ndani? Anali woyendetsa zombo ndi wamalonda amene anatumidwa kuchokera ku chilumba cha Mozambique cha m'ma 1544 kuti akaone mitsinje ya kummwera. Anapeza kuti anthu akumeneko ali ndi minyanga ya njovu yambiri ndipo akulolera kusinthanitsa ndi mikanda ndi nsalu. Mfumu João III ya ku Portugal inalamula kuti dokolo lizitchedwa ndi dzina la Marques. Sanamange mzinda, ngakhale linga. Chimene chinatsatira n'chakuti chombo chinkabwera nthawi ndi nthawi, amalonda n'kumanga misasa pa tizilumba ta pafupi ndi Inhaca kwa miyezi ingapo, kugula minyanga, mphepo ikatembenuka n'kubwerera kwawo. Mphamvu zinali m'manja mwa mafumu. Chombo cha São João chitasweka mu 1552 pa gombe la dziko limene lero ndi South Africa, opulumuka anayenda pansi miyezi ingapo kulunjika kuno, ndipo amene anawalandira n'kuwapatsa chakudya ndi mfumu ya ku Inhaca. Pa mapu malowo ankaoneka ngati a Portugal, koma Mpwitikizi wofika wapansi ankafika ngati wopempha.

Ena anayesa kukhazikika, zinawakanika. Kampani ya Adatchi inamanga linga mu 1721 n'kulitcha Lijdzaamheid, liwu lonena za kupirira, ndipo kupirirako kunafunikadi: achifwamba a panyanja analiukira chaka chotsatira, malungo anapulula anthu, golide amene ankamuyembekezera sanaoneke, mu 1730 anasamuka. Mu 1777 William Bolts anabwera m'dzina la Austria, Apwitikizi n'kuthamangitsa anthu ake mu 1781. Apa m'pamene Portugal inazindikira kuti dzina la pa pepala silitchinga mlendo, ndipo inamanga kalinga kake kumpoto kwa mathiriro a mitsinje itatu ija, pa nthaka ya Mpfumo. Kalingako Afalansa anakagwetsa mu 1796, kanamangidwanso, ndipo mu 1833 ankhondo a Dingane, mfumu ya Azulu, anakagonjetsa n'kupha bwanamkubwa wake, Dionísio António Ribeiro.

Mapu amene anasintha zinthu ndi a Captain William Owen wa gulu lankhondo la pamadzi la Britain, amene anafika mu 1822 ndi zombo zotchedwa Leven ndi Barracouta. Ntchito yake inali yoyeza gombe la Africa. Anyamata ake ankalowa m'mitsinje ndi mabwato ang'onoang'ono, wina ataima kutsogolo akuponya chingwe chomangirira mtovu kuti adziwe kuya kwa madzi, wina akulemba manambala, usiku n'kugona pakati pa udzudzu. Ambiri anamwalira ndi malungo m'miyezi yochepa, ndipo ndimaona kuti ntchito yawo ndi yoyenera ulemu, chifukwa manambala awowo anapulumutsa zombo zambiri pambuyo pake. Komabe pa mapu a Angerezi mathiriro aja ankalembedwa kuti English River, ndipo Incomati inasanduka King George River. Owen sanalekere pa kuyeza. Mu 1823 anapangana mapangano ndi mafumu a Tembe ndi Maputo, kummwera kwa doko, akuti alowe pansi pa chitetezo cha Britain.

Zaka zomwezo dera limeneli linali pa chipwirikiti. Magulu othawa nkhondo za kwa Azulu, la Soshangane ndi la Zwangendaba, anali m'madera ozungulira dokoli, ndipo anyamata a Owen anakumana ndi ankhondo a Soshangane m'mbali mwa mtsinje wa Tembe. Soshangane anatsalira n'kukhazikitsa ufumu wa Gaza. Zwangendaba anapitirira kumpoto, nawoloka Zambezi mu 1835 tsiku la kadamsana, ndipo zidzukulu za gulu lake ndi Angoni a ku Mzimba ndi a kwa Mpezeni. Doko la kutali limeneli lili m'njira imene makolo a Angoni ambiri anadzera.

Mapepala a Owen anagona zaka zambiri, kenaka anadzuka. Mabunu a ku Transvaal ankafuna njira ya kunyanja yosadzera m'manja mwa Angerezi, ndipo doko lapafupi linali lomweli. Louis Tregardt anafikako ndi ngolo zake mu 1838 n'kumwalira komweko ndi malungo. Britain, posafuna kuti Mabunu apeze khomo, inakweza mbendera yake pa Inhaca mu 1861 n'kumanena kuti mbali ya kummwera ndi yake malinga ndi mapangano a Owen. Portugal inatulutsa mapu ndi makalata ake akale. Mlanduwo anaupereka kwa pulezidenti wa France kuti aweruze, ndipo pa 24 July 1875 Marshal MacMahon anagamula mokomera Portugal. Mafumu a Tembe ndi Maputo, amene dziko lawo ndilo linali pa mlandu, sanaitanidwe kubwalo. Apwitikizi anathokoza woweruzayo potcha bwalo la kutsogolo kwa siteshoni ya sitima ndi dzina lake, ndipo mowa wotchuka wa ku Mozambique wa 2M umakumbutsa dzina lake mpaka lero.

Kuchokera apo zinthu zinathamanga. Kamudzi ka pa mchenga kozunguliridwa ndi zithaphwi kanakwezedwa kukhala tauni mu 1876, akatswiri anayamba kukumba ngalande zophwetsa madambo, golide anapezeka ku Witwatersrand mu 1886, ndipo pa 10 November 1887 Lourenço Marques analengezedwa kuti ndi mzinda. Pulani ya chaka chomwecho, ya Major António José de Araújo, inajambula misewu yotakata yopingasana mowongoka pamalo pamene panali tchire ndi matope, ndipo misewu imeneyo ndi imene anthu akuyendamo lero. Njanji yopita ku Pretoria inatsegulidwa mu 1895, likulu la dziko linasamutsidwa kuchoka ku chilumba cha Mozambique kubwera kuno mu 1898. Aronga sanangoonerera. Mu 1894 anaukira n'kuzinga mzindawo, mpaka anagonjetsedwa ku Marracuene mu February 1895, chaka chomwe Ngungunhane wa ku Gaza anagwidwa.

Anthu akuda amene ankanyamula katundu padoko ndi kukwera sitima kupita kumigodi ya ku Joni anali ndi dzina lawo la mzindawu: Xilunguine, malo a azungu ndi chikhalidwe chawo. Mchewa asasokonezeke apa, pakuti m'Chironga ndi m'Chitsonga "mulungu" ndi mzungu. Dzinali linkanena zoona kuposa la pa mapu. Kunali mzinda wa simenti, wa mitengo ya maluwa m'mbali mwa misewu, umene alendo a ku South Africa ankangouti LM akamabwera kudzadya nkhanu ndi kusamba m'nyanja. Kuseri kwake kunali mzinda wa bango, makomboni ngati Mafalala ndi Xipamanine, nyumba za mabango, matabwa ndi malata pa mchenga wosefukira madzi nthawi ya dzinja. Mapu ambiri a atsamunda ankajambula bwino mbali ya simenti, kwinako n'kungosiya mbee ngati kulibe anthu.

Ufulu utabwera pa 25 June 1975, zinali zodziwikiratu kuti dzina la wamalonda wa minyanga uja lichoka. Ambiri ankayembekezera dzina la Mpfumo, ndipo kalembedwe kakuti Can Phumo kanayamba kale kumveka. Koma pa 3 February 1976, tsiku lokumbukira imfa ya Eduardo Mondlane, mtsogoleri woyamba wa gulu lomenyera ufulu la Frelimo, Pulezidenti Samora Machel analengeza kuti likululi ndi Maputo.

Dzinali ndi la munthu. Mabudu anali mwana wa mfumu ya Atembe m'zaka za m'ma 1700, amene anakhazikitsa ufumu wakewake kummwera kwa doko n'kulemera ndi malonda a minyanga. Apwitikizi analemba dzina lake kuti Maputo, Angerezi Mapoota, ndipo linakhala dzina la dziko lake ndi la mtsinje wodutsamo. Pangano la 1891 la pakati pa Britain ndi Portugal, lomwe lija linadulanso malire a Nyasaland ndi Mozambique, linaika mzere pamene mtsinje wa Pongola umakumana ndi wa Maputo n'kuulunjikitsa kunyanja. Anthu a Mabudu anagawidwa pakati, ndipo mbali imene inagwera ku South Africa imatchedwa Maputaland. Motero mtsinjewu unakhala chizindikiro cha mapeto a dziko kummwera, monga Rovuma alili kumpoto. Pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu, Frelimo inkatchula mitsinje iwiriyi pamodzi pofuna kunena kuti Mmakonde wa ku Cabo Delgado, Mnyanja wa ku Niassa, Mchewa wa ku Tete ndi Mronga wa kummwera ndi anthu a dziko limodzi. Msilikali aliyense wa Frelimo ankalidziwa dzina la Maputo ngati kumene ulendo ukathere, ngakhale amene anali asanapondeko kummwera.

Ine ndimaona kuti Machel anasankha mwanzeru. Chipani chake chinkaopa kwambiri tsankho la mitundu, ndipo kutcha likulu ndi dzina la ufumu umene unali pamalopo kukanamveka ngati kulipereka kwa fuko limodzi. Maputo linali litasiya kale kukhala dzina la mfumu imodzi m'makutu a anthu ambiri, linali la onse amene anamenya nkhondo. Komabe panali chotayika. A kwa Mpfumo, amene nthaka yawo inalandidwa kuti pamangidwe linga, njanji ndi doko, anaona dzina la mlendo likuchoka n'kulowa la mfumu ya kutsidya.

Patapita zaka zoposa makumi atatu, khonsolo ya mzindawu inasiya kutchula zigawo zake ndi manambala n'kubwezeretsa maina a makolo. Chigawo cha pakati, pamene pali linga lakale, siteshoni ndi nyumba za boma, tsopano ndi KaMpfumo. Palinso Nlhamankulu, KaMaxakeni, KaMavota, KaMubukwana, chilumba chija ndi KaNyaka, ndipo kutsidya ndi KaTembe, kumene mlatho waukulu wotsegulidwa mu 2018 umafikira.