Mmene pepala la ku labotale linayambira kulamula mtengo wa mwala

Amalonda anzanga ndi madalaivala, njira za ku Tete, Nampula ndi Chipata zimatikumanitsa ndi anthu ogulitsa timiyala tofiira, ndipo ena mwa inu mwasunga mwala kunyumba mukudikira wogula wapambali. Musanatchule mtengo, imvani mbiri iyi.

Maso anapusitsa ngakhale mafumu. Pa chisoti chachifumu cha ku Britain, chimene chimasungidwa ku Tower of London, pali mwala wofiira wa makarati pafupifupi 170 wotchedwa Black Prince's Ruby. Unafika m'manja mwa Angerezi mu 1367, ndipo kwa zaka mazana onse ankati ndi rube. Mu 1783 katswiri wa ku France, Romé de l'Isle, anasonyeza kuti rube ndi spinel ndi miyala iwiri yosiyana. Pambuyo pake zinadziwika kuti wa pachisotiwo ndi spinel.

Mu 1902 Auguste Verneuil, wa ku France komweko, analengeza njira yopangira rube m'ng'anjo. Rube wopangayo amafanana ndi wokumba m'kulimba ndi m'maonekedwe, choncho kukanda galasi kunasiya kukhala umboni. Ogula anafunikira mboni yosakondera. Labotale ya Gübelin inayamba ku Switzerland mu 1923, ndipo GIA inakhazikitsidwa ku America mu 1931.

Ochenjera nawo sanagone. Cha mu 2004 pamsika panadzaza rube wong'aluka amene ming'alu yake yatsekedwa ndi galasi la mtovu. Amawala bwino, koma mtengo wake ndi wotsika kwambiri, ndipo ngakhale madzi a mandimu amatha kuwononga galasilo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kenako nkhani inafika pakhomo pathu. Ku Malawi, rube ndi safiro zinapezeka paphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu mu 1958. Mu 2009 rube wambiri anapezeka ku Montepuez, m'chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique, ndipo mu 2014 kampani ya Gemfields inagulitsa miyala ya kumeneko koyamba pa okushoni ku Singapore. Mu June 2023 rube wa ku Mozambique wotchedwa Estrela de Fura, wa makarati 55.22, anagulidwa pa madola 34.8 miliyoni ku Sotheby's ku New York. Karati imodzi ndi magalamu 0.2, ndiye kuti mwalawo ndi magalamu 11 okha. Malabotale anali atatsimikiza kuti ndi wachilengedwe ndipo sunawotchedwe.

Phunziro kwa wogulitsa ndi ili: wogula akapanda kuona pepala, amakupatsani mtengo wa mwala wowotcha kapena wothira galasi, chifukwa akudziteteza. Ngati wanuwo ndi wabwinodi, wataya ndalama ndinu. Pepala limanena mtundu wa mwala, kulemera kwake, ngati ndi wokumba kapena wopanga, ndi ngati unawotchedwa. Ena amawonjezera dziko limene akuganiza kuti unachokera. Mtengo salemba ayi, umenewo mumakambirana nokha.

Kwa wogula: mapepala nawonso amaberedwa. Tengani nambala ya pepalalo, muilowetse pa tsamba la labotaleyo pa intaneti, kenako muyeze mwala pasikelo. Kulemera ndi chithunzi zikasiyana, bwezani ndalama m'thumba.

Kuyeza kumadya ndalama, choncho kamwala kotchipa sikoyenera kutumizidwa ku Switzerland kapena ku Bangkok. Yambani ndi akatswiri a boma a za migodi kwanuko, akuuzeni ngati n'koyenera kupita patali.

Chomaliza, makamaka kwa inu madalaivala: pepala la ku labotale si chilolezo. Kutulutsa mwala m'dziko kumafuna chilolezo cha boma. Munthu akakupemphani kuti mumunyamulire kaphukusi kuwoloka pa Mwanza, Chirundu kapena Beitbridge, muone kaye chilolezocho. Mukagwidwa, mlandu ndi wanu, galimoto ya bwana nayo yatsekeredwa, mwini mwala ali phee kunyumba kwake. Safunsa anadya phula.