Ngongole ikaposa mtengo wa nyumba: kodi nkoyenera kulipira kampani yokukambiranirani ndi banki?

Munthu akakongola ndalama kubanki kuti agule kapena amange nyumba, nyumbayo imakhala chikole. Nthawi zina ngongoleyo imakula mpaka kuposa ndalama zomwe nyumbayo ingabweretse itagulitsidwa. Pa Chingerezi vutoli amalitcha negative equity. Wokongola amene wafika pamenepa amakhala wothedwa nzeru, ndipo ndi nthawi yomwe kumabwera makampani kapena anthu olonjeza kuti akamukambiranira ndi banki, bola ayambe wawalipira.

Mmene vutoli limayambira

Ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, komanso ku America ndi ku Ireland chuma chitasokonekera mu 2008, vutoli lidadza chifukwa mitengo ya nyumba idatsika. Kuno kwathu zimayenda mosiyana. Mitengo ya nyumba ku Area 10, Area 12, Area 43 kapena Area 47 mumzinda wa Lilongwe siitsika kawirikawiri. Chomwe chimachitika n'chakuti ngongole imathamanga kuposa mtengo wa nyumba.

Choyamba ndi chiwongoladzanja. Ngongole zambiri za nyumba zimatsatira chiwongoladzanja chomwe chimasinthasintha, ndipo banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi ikakweza chake, mabanki enawo amakwezanso. Mu February 2024 bankiyi idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, patangopita miyezi itatu kuchokera pomwe ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023.

Tiyerekeze kuti munthu watsala ndi ngongole ya K80 miliyoni pa chiwongoladzanja cha 25 peresenti pachaka, kenaka ntchito yamuthera ndipo sakubweza kalikonse. Pakutha pa chaka ngongoleyo ifika K100 miliyoni, ndipo chaka chachiwiri ifika K125 miliyoni, tisanaphatikizepo zilango. Ngati nyumbayo ingagulidwe pa K110 miliyoni, mwiniwake atha kuitaya n'kutsalabe ndi ngongole ya K15 miliyoni.

Zifukwa zina ndi nyumba yomwe idalekezera panjira chifukwa simenti ndi malata zidakwera mtengo, ngongole yotengedwa m'madola pomwe wokongola amalandira makwacha, ndiponso kugulitsa nyumba mwachangu paokushoni, pomwe mtengo wake umatsikirapo.

Zomwe lamulo likunena

Pamalo olembetsedwa m'kaundula wa boma, lamulo la Registered Land Act limapereka ndondomeko yake. Wokongola akalephera kubweza kwa mwezi umodzi, banki itha kumulembera kalata yomuchenjeza. Akapanda kukonza zinthu pasanathe miyezi itatu chilandirireni kalatayo, banki itha kugulitsa nyumbayo kapena kusankha munthu woti azitolera ndalama za lendi. Pogulitsa, banki iyenera kuchita zinthu mwachilungamo ndi kuganiziranso mwini nyumba.

Ndalama zikatsala banki itatengapo zake, zimabwerera kwa mwini nyumba. Zikaperewera, wokongola amakhalabe ndi ngongole, ndipo banki itha kumusumira kubwalo la milandu pamodzi ndi aliyense amene adamusainira kuti adzamuimira. Dzina lake limapitanso kumabungwe osunga mbiri ya okongola, omwe amagwira ntchito potsatira lamulo la Credit Reference Bureau Act la 2010. Kusiya makiyi a nyumba kubanki sikuthetsa ngongole.

Zomwe kampani ingathe ndi zomwe singathe

Kampani yokambirana ngongole ilibe mphamvu yokakamiza banki kuchotsera ngakhale tambala imodzi. Chomwe ingachite ndi kusonkhanitsa zikalata zanu, kuwerengera ndalama zomwe mumapeza ndi zomwe mumawononga, kulemba kalata ndi kukakhala pamkumano. Zonsezi mwini ngongole atha kuchita yekha, osalipira munthu, popita kunthambi ya banki yake ku Old Town kapena ku City Centre.

Zomwe mungapemphe n'zodziwika: kutalikitsa zaka zobwezera kuti ndalama ya pamwezi ichepe, kupuma kwa miyezi ingapo, kuchotserako zilango, kulola kuti muike munthu wa lendi m'nyumbamo ndalama zake zizipita kubanki, kapena kukupatsani nthawi yoti mupeze nokha wogula. Ngati mukugulitsa, kambiranani za ndalama yoperewerayo nyumba isanapite, chifukwa pambuyo pake mulibenso chogwirira. Banki nthawi zambiri imamvetsera, poti nayonso imataya nthawi ndi ndalama polipira maloya, oyeza mtengo wa nyumba ndi a okushoni.

Thandizo lolipira limakhala loyenera pomwe mukukayika mmene banki yawerengera chiwongoladzanja, pomwe kalata yochenjeza sidaperekedwe motsata lamulo, kapena pomwe nyumba ikufuna kugulitsidwa pamtengo wotsika mosadziwika bwino. Apa pamafunika loya wokhala ndi chiphaso, yemwe mungamutsimikizire ku Malawi Law Society, akauntanti wovomerezeka kapena katswiri woyeza mtengo wa nyumba. Anthu amenewa ali ndi mabungwe omwe angawapatse chilango akalakwitsa. Dobadoba amene mwakumana naye pakhomo pa banki alibe womuyang'anira.

Zomwe maiko ena adachita

Ku America, anthu ambiri ataberedwa ndi makampani oterewa, bungwe la Federal Trade Commission lidakhazikitsa lamulo mu 2010 loletsa kulandira malipiro wokongola asanavomereze mgwirizano wolembedwa wochokera kubanki yake. Ku South Africa, lamulo la National Credit Act la 2005 limafuna kuti alangizi a ngongole alembetse ku National Credit Regulator. Ku Britain makampani otere amayang'aniridwa ndi Financial Conduct Authority kuyambira mu 2014. M'maiko onsewa zidaoneka kuti munthu wothedwa nzeru savuta kumudyera masuku pamutu.

Zizindikiro zochenjeza

Chenjerani ndi aliyense wofuna ndalama zambiri asanagwire ntchito, kapena wolonjeza kuti ngongole ichepa ndi theka. Musamvere wokuuzani kuti musiye kubweza kapena kuyankha makalata a banki, pakuti miyezi itatu ija imakhala ikutha. Ndalama zobwezera ngongole zizipita kuakaunti ya ngongoleyo, osadzera m'manja mwa munthu wina. Musasaine chikalata chosamutsa umwini wa nyumba kapena chopatsa wina mphamvu yokusainirani loya wanu asanachiwerenge. Amene akuti ali ndi mnzake mkati mwa banki wofunika kumupatsa kangachepe akukulowetsani m'mlandu wa ziphuphu. Ndipo kukatenga katapila kuti mubweze banki n'kuwonjezera vuto lina pa lomwe lilipo kale.

Poyambira

Pemphani banki kuti ikupatseni sitetimenti yonse yosonyeza ngongole yeniyeni, chiwongoladzanja ndi zilango padera. Pezani katswiri wakuyezerani mtengo wa nyumba. Lembani kalata yofotokoza vuto lanu ndi ndalama yomwe mungakwanitse pamwezi, ndipo sungani kope lodindidwa. Mgwirizano uliwonse ulembedwe ndi kusainidwa, chifukwa lonjezo la pakamwa n'lovuta kulitsimikizira kukhoti.

Ngati banki sikukuthandizani mwachilungamo, yambani mwadandaula kubankiko mwa kalata. Zikakanika, dandaulo lipite kwa Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi gavanala wa Reserve Bank ndipo likulu lake lili ku City Centre. Osowa ndalama ya loya atha kukafunsa ku Legal Aid Bureau. Zonsezi zimathandiza nyumba isanagulitsidwe, pakuti madzi akatayika saoleka.