Pogula kamera yoyamba, tchulani zinthu ndi mayina ake

Mnyamata wa ku Chinsapo amene watopa kujambula zinkhoswe ndi foni akasonkha ndalama, amatsikira m'tauni kukafunsa "kamera yamphamvu". Mawu amenewa ndi amene amamugwetsa m'mavuto. Mphamvu yake iti? Yoona patali, yoona mumdima, kapena batire losatha msanga? Wogulitsa amangomwetulira n'kumupatsa imene yakhalitsa pashelefu.

Kamera yosintha malenzi ili ndi zigawo ziwiri, thunthu ndi lenzi, ndipo chilichonse chili ndi mtengo wake. Lenzi ndi mawu obwereka, koma ine sindiwakana. Sitingati galasi kapena mandala, poti galasi ndi la pawindo kapena lodziyang'anira, mandala ndi a m'maso. Chimene ndimakana n'kulemba "ma lens" kapena "ma camera" monga timaonera pa Facebook. Mawu tikawabwereka timawaveka zathu: lenzi iyi, malenzi awa, kamera yanga, makamera athu. Ma- ameneyu ndi mphatikiram'mbuyo, saima payekha.

Kutchula bwino kumapulumutsa ndalama. Pamene lenzi imalumikizana ndi thunthu pamasiyana malinga ndi kampani. Ya Nikon F, yomwe inayamba mu 1959, simanga pathunthu la Canon EF la mu 1987. Ngakhale Canon yomweyo mu 2018 inatulutsa RF, ndipo malenzi a RF salowa pamakamera ake akale. Tsono funso n'lakuti, "Lenzi iyi imanga pathunthu ili?" Ngati kamerayo ndi yogwirapo kale ntchito, monga ambiri obwera kuchokera ku Johannesburg, funsaninso kuti yajambulapo kangati, chifukwa chotsekera kuwala cha m'kati chimatha.

Ojambula athu amati lenzi "imakoka", ndipo mawuwa ndimawakonda kwambiri, tiwasunge. Ya 18-55mm, imene imabwera ndi makamera ambiri oyambira, imakoka pang'ono. Ya 50mm f/1.8 sikoka n'komwe, muyenera kusendera nokha, koma imalowetsa kuwala kochuluka, moti m'tchalitchi mopanda magetsi nkhope ya mkwatibwi imaonekabe bwino. Wongoyamba kumene asanyoze imeneyi.

Kamera ikafika m'manja, chonde musamauze anthu kuti "nditenge chithunzi". Chimenecho ndi Chingerezi chovala nsalu. Kwathu kuno chithunzi timajambula kapena kutola. Wotenga chithunzi ndi uja wabwera kudzalipira n'kupita nacho kunyumba.