Foloko ikathyoka pa chitunda

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino ndikukulemberani ndili ku Wenya, kuno ku Chitipa, pa msewu wafumbi wolowera ku Nthalire. Dzulo ndinaona mnyamata atamanga matumba awiri a chimanga pa kaliyala, akukwera chitunda osatsika, mnzake ali pambuyo kumuthamangitsa. Panalibe chikho, panalibe woimba wezulo. Nkhani inali yoti asapitiriridwe basi. Nde ndinakumbuka dandaulo la okonda mpikisano wa njinga, loti masiku ano wopambana amadziwika mpikisano usanayambe, mtima wolimbirana uja unatha. Tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono tione ngati n'zoona.

Mpikisano wa Tour de France unayamba mu 1903. Kalelo lamulo linali lankhanza: njinga ikawonongeka, ukonze wekha. Mu 1913 Eugène Christophe akutsetsereka phiri la Tourmalet foloko inathyoka. Munthuyu ananyamula njinga paphewa, kuyenda wapansi mpaka pamudzi wa Sainte-Marie-de-Campan, kulowa m'chipala n'kuyamba kusula yekha, oyang'anira mpikisano atamuyimirira. Kamnyamata kena kanamuthandiza kupopa mvukuto, ndipo chifukwa cha icho chokha anamupatsa chilango. Tangoganizani, munthu wataya kale maola, eti amulangenso chifukwa cha mvukuto! Anakwera njinga yake n'kukamaliza ulendo wa tsikulo. Nkhani imeneyi mukaifotokoza kwa wokonza njinga pansi pa mtengo kuno ku Wenya sangadabwe. Foloko yothyoka amaidziwa bwino, ndipo mwini njinga amaikankha yekha kudzafika nayo.

Lero zinasintha. Wopalasa ali ndi wailesi m'khutu, kamakina pa handulo komuuza mphamvu zomwe miyendo ikutulutsa, ndi galimoto pambuyo yodzaza njinga zina. Matimu olemera amagula anyamata abwino onse. Pamenepa odandaula aja ali ndi mfundo. Koma pa 28 September 2025 mpikisano wa dziko lonse wa amuna unachitikira mu Africa koyamba, ku Kigali, mtunda wa makilomita 267.5. Tadej Pogačar wa ku Slovenia anathawa anzake kutatsala makilomita oposa 60 n'kupalasa yekha mpaka kumapeto. Pa anthu oposa 160 omwe ananyamuka, anamaliza ndi 30 okha. Ine sindingati munthu wopalasa chotero alibe mtima. Chimene chimandiwawa n'china: pa 30 aja, wa mu Africa anali mmodzi, Amanuel Ghebreigzabhier wa ku Eritrea, ndipo anafika womaliza.

Nanga ife Amalawi? Ambiri mwa inu mwina simudziwa kuti ulendo woyamba womwe dziko lathu linapita ku Olympics, ku Munich mu 1972, m'gululo munali opalasa njinga, a Grimon Langson ndi a Raphael Kazembe. M'zaka za m'ma 1980 kunabwera a Dyton Chimwaza, a Daniel Kaswanga, a George Nayeja ndi a Amadu Yusufu. Maina amenewa mumawamva kuti? Za osewera mpira a nthawi imeneyo timakamba mpaka usiku, koma awa tinawaiwala. Mu 2014 a Missi Kathumba ndi a Leonard Tsoyo atafika ku Glasgow ku masewera a Commonwealth, njinga zomwe ananyamula zinali zotopa moti sitolo ina ya mumzindamo inachita kuwabwereka zina. Manyuzipepala a kumeneko anailemba ngati nkhani yosangalatsa ya chifundo. Ine ndimaiwerenga ndi manyazi, chifukwa anthu awiriwa anapita atanyamula mbendera yathu.

Musanene kuti nkhani ndi umphawi wokha. Eritrea si dziko lolemera. Njinga inafika kumeneko ndi atsamunda a ku Italy, eni dziko anaitenga kukhala yawo, ndipo mipikisano ya m'misewu ya Asmara inazika mizu. Mu 2015 Daniel Teklehaimanot anavala malaya a katswiri wokwera mapiri mu Tour de France. Mu 2024 Biniam Girmay anapambana masiku atatu a mpikisano womwewo n'kutenga malaya obiriwira. Mwana wa kumeneko amakula akuona mpikisano ukudutsa pakhomo pake, akudziwa kuti akapambana pano pali wina wotsatira.

Anyamata awiri a dzulo aja ndinawapezanso pa chigayo. Wa matumba uja ndiye anafika koyamba, ndipo mnzakeyo amakana kwamtuwagalu, akuti tcheni chinavuka panjira. Ndinawafunsa ngati analowapo mpikisano wa njinga. Anayang'anizana, kenako mmodzi n'kundifunsa kuti, "Akulu, umachitikira kuti?"