Tizirombo Togona m'Utomoni wa Kalekale

Anthu a ku Petauke ndi ku Nyimba adziwa bwino kuti mtengo ukatemedwa umatulutsa utomoni, ndipo nyerere ikapondapo imakanirira monga mbalame pa ulimbo. Utomoni wa mitengo ina ukakwiririka m'nthaka zaka mamiliyoni ambiri, umauma ndi kusanduka cinthu colimba, copepuka, ca maonekedwe a uci. Azungu acitcha amber. Kanyama kamene kanakodwamo kamasungika bwino lomwe, kotero kuti ngakhale ubweya wa pa miyendo yace uoneka.

Anthu anadziwa amber kalekale. Agriki anamutcha elektron, ndipo anaona kuti akamkhula pa nsaru amakoka tiudzu touma. Ku dzina limeneli kunacokera dzina la Cingerezi la magetsi, omwewo amene ayendetsa makina m'migodi. Aroma anali kumgula kucokera ku nyanja ya Baltic, kumpoto kwa Ulaya. Mlembi wao Pliny, amene anafa m'caka ca 79, anati amber anayamba ali madzi a mtengo, ndipo umboni wace unali nyerere ndi tizirombo tina tooneka m'kati. Mau acewo anali oona.

Kuno ku Africa mbiri yaikuru ndi ya utomoni wina, umene Aswahili autcha sandarusi ndipo Azungu copal. Mtengo wace, msandarusi, umera ku gombe la nyanja yamcere, ndipo ndi mbale wace wa mupani umene udzaza cigwa ca Luangwa. M'zaka za m'ma 1800 anthu a ku gombe anali kukumba sandarusi pansi pa mcenga ndi kumtumiza ku Zanzibar. Zombo za ku Salem, ku America, zinali kumnyamula kukapangira vanishi wopaka pa mipando ndi magareta.

Dotolo John Kirk, mnzace wa David Livingstone, anapita pa Zumbo, pamene Luangwa athira m'Zambezi, m'caka ca 1860. Pambuyo pace anakhala ku Zanzibar monga zaka 20. Iye anapenda sandarusi wokumbidwa pansi, naonetsa kuti anacokera ku mtundu womwewo wa mtengo umene unali kumerabe ku gombe. Apa pali phunziro lalikuru. Sandarusi ndi mwana wa dzulodzulo, wa zaka mazana kapena zikwi zowerengeka, ndipo ciswe ndi nyerere za m'kati mwace zifanana ndi za lero. Koma amber wa ku Baltic apitirira zaka mamiliyoni 34, ndipo wa ku cigwa ca Hukawng, m'dziko la Myanmar, ali ndi zaka monga mamiliyoni 99. Tizirombo ta m'menemo ndi ta mitundu imene inatha kale pa dziko.

Munthu woyamba kumene nchito yosonkhanitsa zinthu zimenezi asowa galasi lokulitsa, kuwala kwabwino ndi mtima wofatsa. Ayambe ndi kuwerenga miyendo. Kanyama ka miyendo 6, ka thupi la zigawo 3 ndi tinyanga pa mutu, ndi ka gulu la nyerere, nchenche ndi ziwala. Ka miyendo 8, ka thupi la zigawo 2, kopanda tinyanga ndi mapiko, ndi kangaude. Ngati miyendo iri 8 koma thupi liri lobulungira lopanda ciuno, ndi mbale wace wa nkhupakupa. Koma acenjere, pakuti kangaude polimbana ndi utomoni nthawi zina amaduka mwendo, ndipo uyenera kufunidwa pambali pace.

Atatha miyendo, ayang'ane mapiko. Nchenche ndi udzudzu ziri ndi mapiko 2 okha. Njuci ndi mavu ziri ndi 4, am'mbuyo ocepa. Inswa ziri ndi 4 olingana msinkhu. Nyerere izindikirika ndi ciuno coning'a ndi tinyanga topindika ngati cigongono, pamene ciswe ciri ndi ciuno cacikuru ndi tinyanga toongoka ngati mikanda yotungidwa.

Popeza amber wokhala ndi kanyama agulidwa ndi ndalama zambiri, onyenga sasowa, ndipo anapusitsa ngakhale akatswiri. M'caka ca 1922 nyumba yosungiramo zacilengedwe ya ku London inalandira amber wa ku Baltic wokhala ndi nchenche. Katswiri wa ku Germany, Willi Hennig, anaipenda mu 1966, nazizwa kuona kuti inafanana ndi nchenche ya m'zimbudzi ya masiku ano. Mu 1993 Andrew Ross anaiyang'ana pa makina okulitsa, ndipo kutentha kwa nyali kunang'amba amberyo pang'ono. Pamenepo cinyengo cinaululika: munthu wina anadula amber pakati, nakumba kadzenje, naikamo nchenche wamba, namatanso.

Cifukwa cace wogula ayenera kuyesa asanatulutse ndalama. M'madzi othira mcere wambiri amber ndi sandarusi ziyandama, koma galasi ndi pulasitiki wolemera zimira. Dontho la spiriti lifewetsa sandarusi kuti anate ku cala, koma amber weniweni sasintha msanga. Singano yamoto itulutsa pfungo la utomoni pa amber, ndi pfungo loipa pa pulasitiki. Ndipo kanyama kakakuru, kogona pakatikati kotatambasula bwino miyendo yonse, kayenera kukayikiridwa, pakuti tambiri ta m'amber weniweni ndi tating'ono ndi topindikapindika.

Anthu a m'migodi akumbukirenso cinthu cina. Miyala yokongola yonga tourmaline, imene ikumbidwa m'dera la Nyimba, inapangika m'thanthwe limene linali losungunuka ndi kutentha, ndipo utomoni sukadapulumuka m'moto wotere. Amber apezeka m'dongo, m'mcenga ndi m'malasha ofewa, zimene zinaunjikana pang'onopang'ono pansi pa madzi. Cotero wogulitsa akanena kuti amber wace anaturuka m'mgodi umodzi ndi miyala imeneyo, mau ace sali oona. Wosonkhanitsa wanzeru afunsa kumene cinthu cinakumbidwa, nalemba malowo pa kapepala, nasunga kapepalako pamodzi naco, pakuti akatswiri sangadziwe zaka za kanyama ngati kwao sikudziwika.