Miyezi iŵili pa caka ciliconse

Ife a ku Chiparamba tinakulila m'minda ya thonje, ndipo makolo athu akali kuchula Lintco, kampani ya boma imene inali kugula thonjelo. M'ma 1990 boma la MMD linaigulitsa pamodzi ndi makampani ena ambili. Ena anangotsekedwa: Zambia Airways mu December 1994, UBZ mu 1995. Anchito anayembekezela ndalama zao kwa zaka, ena anamwalila asanazione.

Mu 1997 lamulo linasintha: kampani ikalephela kupeleka ndalamazo pa tsiku lomaliza, izipitiliza kulipila munthuyo mwezi ndi mwezi. Koma Supreme Court inaweluza kuti izi zikhudza cabe olembedwa nchito pakamwa. Wosaina pepala anatsala panja, cinthu codabwitsa ndithu.

Mpata uyu unatsekedwa ndi Employment Code Act ya 2019. Lelo kampani ikafuna kucepetsa anchito, itiuze masiku 30 zisanacitike, ndipo a Labour iwauze masiku 60. Ndalama zake ni malipilo a miyezi iŵili pa caka ciliconse cimene tasewenza, koma amaŵelengela pa basic pay cabe, ma allowance salowapo. Wolandila K2,000 amene wasewenza zaka 5 ayenela kutenga K20,000.